Akatswiri a Mbiri ya Malawi Amene Mwana Wanu Ayenera Kuwadziwa: Yankho kwa Mayi Nabanda

Zikomo mayi Nabanda chifukwa cha funso lanu. Mwati mwana wanu, amene wakulira kuno ku Johannesburg ndipo tsopano akuphunzira mbiri pa yunivesite, akufuna kudziwa akatswiri akuluakulu amene analemba mbiri ya Malawi, ndiponso mwafunsa ngati kuli koyenera kuti akhulupirire mabuku olembedwa ndi azungu. Ndaona kuti ambiri m'gulu muno atchula a D.D. Phiri, ndipo achimwene ena anena motsindika kuti mlendo sangalembe mbiri ya eni dziko. Ine ndikuona kuti katswiri wa mbiri sitimuyesa ndi khungu lake kapena kutchuka kwake, koma ndi gwero la nkhani zake: anafunsa ndani, anawerenga makalata ati, ndipo kodi wina atatsata mapazi ake angapeze zomwezo? Tikayesa ndi muyeso umenewu, mayina ena amene timawatamanda amatsika pang'ono, ndipo ena amene sitiwatchula kawirikawiri amakwera.

Oyamba kulemba mbiri yathu sanali mapulofesa, anali aphunzitsi ndi abusa a m'mamishoni amene anakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi nkulemba zimene anamva. Yohanna Abdallah anatulutsa Chiikala cha Wayao mu 1919, Yesaya Chibambo analemba za Angoni a kumpoto, ndipo Samuel Josiah Nthara wa ku mishoni ya Nkhoma analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Buku la Nthara linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973, ndipo palibe wofufuza za Kalonga, Undi kapena Mwase Kasungu amene angalilambalale. N'zoona kuti Nthara analemba ndi maso a munthu wa mpingo, ndipo pena anasanja nkhani za mafumu osiyanasiyana ngati kuti onse ankagwirizana chimodzi, koma iye anacheza ndi nkhalamba zimene ofufuza a pambuyo pake sanazipezenso zili moyo. Mwana wanu ayambire pamenepa, makamaka popeza bukuli lili m'chilankhulo chimene inu mungamuthandize kumva.

Pa nkhani ya John Chilembwe ndi pamene maganizo akuti mlendo sangalembe mbiri yathu amavuta kuwateteza. Buku limene akatswiri onse amayambirapo pa kuwukira kwa pa 23 January 1915 ndi Independent African, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958. Shepperson, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Edinburgh, anaphunzira Chinyanja pamene anali ndi asilikali athu a King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anatsata moyo wa Chilembwe kuchokera kwa Joseph Booth, kupita ku Lynchburg ku America, mpaka ku Mbombwe ndi ku minda ya A.L. Bruce ku Magomero, kumene thangata linkazunza anthu. Pa nthawi imene atsamunda ankamutcha Chilembwe chigawenga, bukuli linamuonetsa ngati munthu amene anali ndi zifukwa zomveka. Pambali pake mwanayo awerenge zimene analemba George Simeon Mwase ali m'ndende kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, zimene Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967 pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Mwase sanali ndi mwayi woona mafayilo a boma, koma analemba monga Mmalawi amene anamva nkhaniyo kwa anthu a nthawi yomweyo.

A D.D. Phiri, amene anamwalira mu 2019, ndi oyenera ulemu umene mwawapatsa. Palibe amene anafikitsa mbiri kwa Amalawi wamba kuposa iwo, kudzera m'mabuku awo a Chilembwe, a Angoni ndi a atsogoleri ena, ndiponso kudzera m'nkhani zimene ankalemba m'nyuzipepala kwa zaka zambiri. Komabe ntchito yawo yaikulu inali yophunzitsa mtundu, ndipo mphunzitsi wa pa yunivesite adzafuna kuti mwanayo asonyeze umboni wozama kuposa umene mabuku otere amapereka.

Kufufuza kwa mtundu wa pa yunivesite kunayamba kuzika mizu pamene yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo mmodzi wa amene anayala maziko anali Bridglal Pachai, Mmwenye wobadwira ku Ladysmith m'dziko lino la South Africa. Iye anasonkhanitsa zolemba za ofufuza ambiri m'buku la The Early History of Malawi mu 1972, nalembanso Malawi: The History of the Nation mu 1973. Tisaiwale kuti anthu amenewa ankagwira ntchito pansi pa boma la chipani chimodzi, pamene bungwe loletsa mabuku linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kulemba momasuka za kugawanika kwa nduna kwa mu 1964 kapena za Henry Masauko Chipembere kunali kudziputira mavuto. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabuku ambiri a nthawi imeneyo amakamba kwambiri za mafumu akale ndi mamishoni, nkumachita chidule pa ndale za pambuyo pa ufulu.

Mwa Amalawi amene anatuluka m'nyengo imeneyo, ine ndimaika patsogolo Kings Phiri ndi Owen Kalinga. Kings Phiri anayenda m'midzi ya chigawo chapakati kusonkhanitsa mbiri yapakamwa ya Achewa, natenga digiri yake ya udokotala ku Wisconsin mu 1975, kumene kunkaphunzitsa Jan Vansina, katswiri wa ku Belgium amene anasonyeza dziko kuti nkhani zapakamwa ndi umboni ngati uziyesa mosamala. Kalinga analemba mbiri ya ufumu wa Angonde a Kyungu ku Karonga mu 1985. Pamene bungwe la UNESCO linkalemba mbiri ya Africa yonse m'mabuku asanu ndi atatu, awiriwa pamodzi ndi H.H.K. Bhila wa ku Zimbabwe ndiwo analemba mutu wokamba za dera la nyanja ya Malawi ndi kumpoto kwa Zambezi, m'buku lachisanu limene mkonzi wake anali Bethwell Ogot wa ku Kenya. Izi zikutanthauza kuti akatswiri anzawo a mu Africa anawavomereza ngati eni nkhani ya dera lathu.

Chimene mwana wanu adzasangalale nacho kwambiri, ndikuganiza, ndi mkangano wa chiyambi cha ufumu wa Maravi, chifukwa ukusonyeza mmene akatswiri amagwirira ntchito. Malyn Newitt, potengera zolemba za Apwitikizi, ananena mu 1982 kuti maufumu a Maravi anakula mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anakhala zaka zambiri ku Lower Shire akufufuza za kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, anamuyankha pogwiritsa ntchito nthano za Mbona ndi za Lundu, ndipo kafukufuku wake yense anautulutsa mu River of Blood mu 1992. Pambuyo pake Yusuf Juwayeyi anakumba pansi ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, napeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China, zimene zikusonyeza kuti malowo ankachita malonda ndi maiko akutali. Buku lake linatuluka mu 2020. Apa muli mzungu wowerenga makalata, wansembe womvera nthano, ndi Mmalawi wofukula m'nthaka, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene akanaimaliza nkhaniyi payekha.

Mukandikakamiza kutchula buku limodzi lokha lokamba za nthawi ya atsamunda, ndidzatchula A History of Malawi, 1859-1966 la John McCracken, limene linatuluka mu 2012. Likuyambira pa kufika kwa David Livingstone mu mtsinje wa Shire, nkuthera pamene dziko linakhala lipabuliki. McCracken anali atalemba kale za mishoni ya Livingstonia mu 1977, anaphunzitsaponso ku Chancellor College, ndipo m'buku lomalizali anasonkhanitsa zimene ofufuza ambiri, Amalawi ndi alendo omwe, anapeza pa zaka makumi asanu. Ndi lalikulu ndipo silifuna kuliwerenga mothamanga, koma wophunzira wa pa yunivesite salithawa.

Koma mukandifunsa katswiri amene maganizo ake ndimawalemekeza koposa, ndidzati Elias Mandala, Mmalawi amene anaphunzitsa ku yunivesite ya Rochester ku America. Iye anasiya mafumu ndi abwanamkubwa, nayang'ana mlimi wamba wa m'chigwa cha Shire: amalima chiyani, amalamulira ntchito yake ndani, thonje linasintha chiyani pakati pa mwamuna ndi mkazi kapena pakati pa akulu ndi achinyamata, ndipo madzi osefukira anawononga bwanji ulimi wa m'madimba. Izi zili mu Work and Control in a Peasant Economy la mu 1990. M'buku lake lina la mu 2005, The End of Chidyerano, anatsutsa chizolowezi chongolemba za njala zikuluzikulu zimene zimamveka kunja, pamene njala ya chaka ndi chaka, ija ya miyezi ya January ndi February nkhokwe zitatha, ndiyo imene yaumba moyo wa anthu ambiri. Liwerengedwe pamodzi ndi The Story of an African Famine la Megan Vaughan la mu 1987, lokamba za njala ya mu 1949 m'boma la Blantyre, mmene wolembayo anagwiritsa ntchito nyimbo zimene amayi ankaimba posinja pamtondo ngati umboni wa mmene amuna ena anasiyira akazi ndi ana pa nthawi ya mavuto. Amene akuti mlendo samva za kwathu awerenge kaye mmene mayi ameneyu anamvera nyimbo zimene amuna ophunzira a kwathu komwe sanazione ngati mbiri.

Paul Tiyambe Zeleza ndimutchule mwachidule, popeza ntchito yake ndi ya Africa yonse osati Malawi yekha. Buku lake la mbiri ya chuma cha Africa m'zaka za m'ma 1800 linapata mphotho ya Noma mu 1994.

Tsono popeza mwanayo wakulira kuno, pali mbali ina imene ikumukhudza mwachindunji, ndiyo mbiri ya ife matchona. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira ku Nkhata Bay amene anaphunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo m'zaka za m'ma 1920 linakhala bungwe lalikulu koposa la anthu akuda m'dziko lino, likulu lake nkusamukira kuno ku Johannesburg. Helen Bradford analemba mu 1987 mmene bungweli linafalikira m'mafamu ndi m'midzi. Charles van Onselen, amene ambiri amamuwerengera m'gulu la akatswiri oposa onse a mbiri ya South Africa, anatulutsa Chibaro mu 1976, lokamba za antchito a m'migodi ya Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), mmene munali anthu ambiri ochokera ku Nyasaland, ndipo analembanso za moyo wa anthu wamba a mu Johannesburg muno mzindawu utangoyamba kumene.

Pa nkhani ya Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu opita kukagwira ntchito ku migodi ya kuno, dzina loyenera kuligwira ndi la Wiseman Chijere Chirwa, amene anaphunzitsa ku Chancellor College. Iye anafufuza mmene ulendo wa ku migodi unasinthira midzi ya ku Nkhata Bay, ndiponso mmene unathera. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo a Kamuzu Banda, amene iwonso anagwirapo ntchito pa mgodi wa ku Boksburg ali mnyamata, analetsa kulemba anthu opita ku migodi. Ntchitoyi inayambanso patapita zaka zochepa ndi anthu ochepa, kenaka inaimiratu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene maboma awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza antchito kachirombo ka HIV. Chirwa anacheza ndi amuna amene anabwezedwa kumudzi, nalemba za umphawi umene anakumana nawo, ndipo zolemba zake zimathandiza kumvetsa chifukwa chimene mbadwo wathu unayamba kubwera kuno wokha, pa basi kapena pa malole, wopanda kontirakiti m'manja.

Zambiri mwa zimene akatswiriwa analemba zimapezeka m'malaibulale a mayunivesite, choncho musavutike kugula mabuku okwera mtengo. Kuwonjezera apo, makalata okhudza ICU akusungidwa ku Historical Papers pa yunivesite ya Wits, ndipo mafayilo akale a Wenela ndi Theba ali m'manja mwa University of Johannesburg. Ngati agogo ake a mwanayo kapena amalume anu anagwirapo ntchito m'migodi, ayambe wafunsa kumudzi dzina la mgodi, zaka zimene anagwira ndi depoti imene analembedwera, kenaka apite nazo kwa osunga mafayilowo kuti amulangize poyambira.