Laputopu yaing'ono: musanapereke ndalama, funsani za zomwe sizidzasinthika

Mafunso ambiri amene ndalandira mwezi uno kuno ku Zomba ndi okhudza malaputopu ang'onoang'ono, a sikirini ya mainchesi 13 kapena 14. Ndasankhapo angapo. Ena ndawayankha motalika chifukwa ndi pamene ndimaona anthu akutaya ndalama zimene anavutika kuzipeza.

Funso, kuchokera kwa wophunzira wa ku Chanco amene amakhala ku Chikanda: Ndimapita ku kalasi wapansi tsiku lililonse ndipo laputopu ya mainchesi 15.6 imene anandipatsa achimwene anga ikundilemera. Ndapeza yatsopano ya mainchesi 13, yopyapyala bwino, ya RAM ya 8GB ndi SSD ya 512GB. Wogulitsa akuti RAM ndidzawonjezera ndikadzapeza ndalama. Ndigule?

Mng'ono wanga, za kulemerazo ndikukumvetsani. Laputopu ya mainchesi 15.6 nthawi zambiri imayandikira makilogalamu 2, chaja osawerengera, pamene yopyapyala ya mainchesi 13 imakhala pakati pa kilogalamu 1.1 ndi 1.4. Munthu woyenda nayo kumsana m'mawa ndi madzulo amakumva kusiyanako m'mapewa. Koma mawu akuti mudzawonjezera RAM, yomwe ndi malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito pa nthawiyo, musawameze msanga.

Kuti laputopu ipyapyale chonchi, opanga amachotsa malo olowetsamo RAM n'kuiwotcherera pa motherboard penipeni, bolodi yaikulu ya mkati mwa makina. Ikatero, RAM imene mwagula nayo ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo atatha. Kugula ya 8GB yowotcherera poyembekezera kudzawonjezera kuli ngati kugulira mwana nsapato yothina n'kumati idzakula naye. Anthu amabwera kwa ine atagula kale RAM ina, ndikatsegula kunsi n'kupeza kuti mulibe poilowetsa, ndipo zimandipweteka kuwauza.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Onani nambala yonse ya modelo imene imalembedwa kunsi kwa laputopu, muifufuze pa intaneti. Mukaona mawu akuti LPDDR4X, LPDDR5, onboard kapena soldered, dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse ndi yowotcherera. Mukaona mawu akuti SODIMM, ndiye kuti imachotsedwa n'kuikamo ina. Ngati wogulitsa walola kuti muiyatse, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance kenako pa Memory. Pamzere wa Form factor pakalembedwa SODIMM muli ndi mwayi, pakalembedwa Row of chips ndiye kuti ndi yowotcherera. MacBook Air ndi ThinkPad X1 Carbon, ngakhale ndi makina abwino kwambiri, RAM yake ndi yowotcherera. Ma HP EliteBook 840 ambiri ali ndi malo awiri olowetsamo RAM, n'chifukwa chake ndimawakonda ngakhale ndi onenepako pang'ono.

Nanga 8GB ndi yochepadi? Microsoft imati Windows 11 imayaka ndi 4GB, koma kuyaka ndi kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Mukatsegula masamba khumi pa Chrome, Word, ma PDF a manotsi ndi Zoom nthawi imodzi, 8GB imadzaza, ndipo kompyuta imayamba kubwereka malo pa SSD, mosungira mafayilo, zomwe zimaichedwetsa. Chaka chomaliza mudzafuna SPSS kapena Stata, mapulogalamu osanthula manambala, pa kafukufuku wanu, ndipo laputopu imeneyi iyenera kudzafika nanu kumeneko. Ngati ndalama ikukukakamizani kusankha pakati pa RAM ya 16GB ndi SSD ya 256GB, kapena RAM ya 8GB ndi SSD ya 512GB, tengani yoyambayo. SSD ya mtundu wa M.2 m'malaputopu ambiri a Windows imangomangidwa ndi sikuluwu imodzi, ndipo kusintha kwake ndi ntchito yaing'ono. Laputopu imene mwaionayo mungaigule pokhapokha mutatsimikiza kuti ili ndi malo a SODIMM. Apo ayi, yang'anani ya mainchesi 14: kulemera kwake kumangoposa pang'ono, koma mkati mwake mumakhala malo opumira ndi okonzera.

Funso, kuchokera kwa aphunzitsi a ku Domasi: Kwathu magetsi akathima amatha kukhala nthawi yaitali osayaka. Pa bokosi la laputopu ina alemba kuti batire yake imakhala maola 18. Kodi n'zoona?

Aphunzitsi, maola a pa bokosiwo amayezedwa sikirini itachepetsedwa kuwala, makina akungoonetsa vidiyo kapena akugwira kantchito kopepuka. Inu yang'anani nambala ina, ya Wh, imene imanena kuchuluka kwa mphamvu imene batire imasunga. Malaputopu ang'onoang'ono ambiri ali pakati pa 40Wh ndi 60Wh. Masamu ake ndi awa: batire ya 50Wh, makina akamadya ma watt 8 polemba ndi powerenga, ikupatsani maola 6 ndi pang'ono. Makina omwewo akamadya ma watt 15 pa msonkhano wa Zoom, maola atsika kufika pa 3 ndi pang'ono. Choncho ya 40Wh ndi ya 57Wh zikakhala pa mtengo woyandikana, musazengereze, tengani ya 57Wh.

Chimene chimadya batire kwambiri ndi purosesa ndi sikirini. Pa mapurosesa a Intel ndi AMD, chilembo cha kumapeto kwa nambala chimanena zambiri. Za U zinapangidwa kuti zizidya magetsi ochepa, pafupifupi ma watt 15, pamene za H zimadya kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Pa ntchito yanu yokonza maphunziro, kulemba mayeso ndi kusunga malikisi pa Excel, ya U ikukwanirani, ndipo mphamvu ya H mungoilipira osaigwiritsa ntchito. Sikirini ya OLED ndi yokongola, palibe angatsutse, koma imadya kwambiri ikamaonetsa zoyera, ndipo tsamba la Word ndi loyera lonse. Sikirini ya 4K pa mainchesi 13 nayo ndi kungowononga batire. Ya IPS ya 1920 x 1080 kapena 1920 x 1200 ndi yokwanira.

Chinthu china chimene ndingakupempheni kuti musachinyalanyaze ndi kuchaja kudzera pa USB-C. Si bowo lililonse la USB-C limene limalandira moto, choncho funsani ngati lili ndi Power Delivery, ndipo muyese pomwepo m'sitolo. Likakhala nalo, mutha kuchaja laputopu ndi power bank, bola ikhale yotulutsa ma watt 45 kapena 65. Ya foni wamba siyingakwanitse. Power bank ya 20,000mAh imasunga pafupifupi 74Wh, ndipo ngakhale mphamvu ina imatayika pochaja, imatha kudzaza batire ya laputopu yaing'ono pafupifupi kamodzi. Ubwino winanso ndi wakuti chaja ikapsa, ya USB-C ya 65W imapezeka mosavuta kusiyana ndi ya kamutu kozungulira ka kampani imodzi. Ndipo poti dzinja la kuno limabwera ndi ziphaliwali, gulani ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo muzizula chaja magetsi akathima, n'kudikira akhazikike kaye akayaka.

Ngati masiku ena laputopu imakhala pa moto tsiku lonse, onani ngati ili ndi njira yoimitsa kuchaja batire isanadzaze. Mapulogalamu a Lenovo Vantage ndi MyASUS ali nayo. Batire ya lithium imakalamba msanga ikamakhala yodzaza komanso yotentha.

Funso, kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale amene amagwira ntchito ya mapu ndi kafukufuku: Mwana wanga akuti ndigule MacBook Air chifukwa ndi yopepuka ndipo batire yake imakhalitsa. Mukuti bwanji?

Mayi, mwana wanu sananame. Kuyambira 2020 pamene Apple inatulutsa MacBook Air ya purosesa ya M1, makina amenewa alibe fani, choncho sachita phokoso ndipo sakokera fumbi mkati, komanso batire yake imapiriradi. Koma yambani mwalemba mapulogalamu amene amakupatsani chakudya. Pa mapulogalamu a mapu, ArcGIS Pro imayenda pa Windows pokha. QGIS imayenda pa Mac bwinobwino. Ngati kuntchito kwanu ndi ArcGIS Pro, nkhani yathera pomwepo. Dziwaninso kuti mu MacBook Air, RAM ndi SSD zonse ndi zowotcherera, ndipo sikirini ikasweka, ina siyipezeka pafupi kapena motchipa.

Chenjezo lomweli likukhudzanso malaputopu a Windows a purosesa ya Snapdragon X amene anatuluka mu 2024. Batire yawo ndi yabwino, koma purosesa yake ndi ya mtundu wa Arm, ndipo mapulinta ena akale ndi mapulogalamu ena sagwirizana nayo.

Funso, kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa m'misonkhano: Ndaona yokongola kwambiri koma ili ndi mabowo awiri okha a USB-C. Ndi vuto?

Kwa inu, bambo, ndi vuto. Mapulojekita a m'maholo ndi m'makalasi athu amafuna HDMI, ena akale amafunabe VGA, ndipo munthu akakupatsani fulashi yake imakhala ya USB yaikulu ija. Adaputa imathandiza, koma imaiwalika kunyumba, imasowa, ndipo yotchipa imafa msanga. Komanso bowo limodzi likakhala pa chaja, mwatsala ndi limodzi. Alipo malaputopu ambiri a mainchesi 14 okhala ndi HDMI, USB yaikulu imodzi kapena ziwiri, ndi USB-C. Tengani imeneyo, ngakhale ikhale yonenepako ndi mamilimita angapo.

Funso, kuchokera kwa mtsikana wa ku Chinamwali: Ndikufuna ija imapindika mpaka kumbuyo n'kukhala ngati tabuleti, yogwira pa sikirini. Kodi imalimba?

Achemwali, ngati mumajambula kapena kulemba ndi cholembera pa sikirini, ili ndi phindu. Ngati mwangoikonda poiona, ganizani kawiri. Sikirini yogwira ili ndi galasi pamwamba limene limawonjezera kulemera, limanyezimira mukakhala panja kapena pafupi ndi windo, ndipo likasweka nthawi zambiri timasintha chivundikiro chonse cha pamwamba, osati sikirini yokha. Mahinjesi ake nawo amagwira ntchito yaikulu, ndipo pa malaputopu a pulasitiki ndi pamene pamayambira kuthyoka: timanati ta mkati timazuka mu pulasitiki, kona n'kuyamba kuyasama. Poyesa m'sitolo, tsegulani chivundikiro mutagwira pakati, muone ngati kona zikusuntha, kenako dinani pakati pa kiyibodi muone ngati ikubonyoka. Lembaninso ziganizo zingapo. Kiyibodi ya malaputopu opyapyala kwambiri imakhala yosazama, ndipo ngati zala zanu sizikuikonda lero, sizidzaikonda mawa.

Funsaninso za kuwala kwa sikirini. Ya ma nits 250 imavuta kuona pakhonde masana, ya 300 mpaka 400 ndi imene ndingasankhe. Ya 1366 x 768 ya mtundu wa TN, imene mitundu yake imasintha mukapendeketsa mutu, isiyeni.

Za kutentha ndinenepo pano, poti zikukhudza onse amene afunsa. Laputopu yopyapyala ili ndi fani yaing'ono ndi timabowo tating'ono totulutsira mpweya. Fumbi la mwezi wa Okutobala likatseka timabowoto, purosesa imadzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo mwini wake amaganiza kuti yalowa vayirasi. Musaiike pa bulangeti kapena pa matiresi, ndipo kamodzi pachaka ipite kwa wokonza akaipukute mkati. Pogula, itembenuzeni muone ngati chivundikiro cha kunsi chili ndi masikuluwu oti munthu n'kumasula.

Funso, kuchokera kwa kholo la ku Mpondabwino: Ndalama yanga ikukwana yatsopano ya Celeron, RAM 4GB, malo osungira 64GB. Pa mtengo womwewo pali ThinkPad yogwirapo kale ntchito yochokera kunja. Mwana wanga akuyamba koleji. Nditenge iti?

Bambo, ya Celeronyo ndi yatsopano pa bokosi pokha. Malo a 64GB amenewo nthawi zambiri ndi a mtundu wa eMMC, wochedwa kuposa SSD komanso wowotcherera, ndipo Windows 11 payokha imafuna 64GB kuti ilowe, choncho ikangoyamba kulandira ma update malo amatha. RAM ya 4GB nayo kawirikawiri ndi yowotcherera. Mwana wanu adzayamba kudandaula nayo temu yoyamba isanathe. ThinkPad, Latitude kapena EliteBook yogwirapo kale ntchito inapangidwira maofesi, ndi yolimba, ndipo makiyibodi, mabatire ndi masikirini ake amapezeka mosavuta kusiyana ndi a malaputopu otchipa amene modelo yake imangosinthasintha.

Koma musagule mwachimbulimbuli. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena kuposa, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. M'badwo mumauona pa nambala: i5-8250U ndi wa 8, i5-7200U ndi wa 7, ndipo wa 7 umenewu musautenge ngakhale wogulitsa ataikamo Windows 11 mokakamiza. Kenako yezani batire. Tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, mutsegule fayilo imene yatulukayo, muyerekeze Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala yotsika kwambiri poyerekeza ndi yoyamba, batire yatopa, ndipo mtengo wa ina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. Touchpad ikaoneka yotukuka, batire yatupa pansi pake, ndipo imeneyo ndi yoopsa. Lowaninso mu BIOS, tsamba la zosintha za makina limene mumalowamo poyatsa Windows isanayambe, muone ngati mulibe pasiwedi imene kampani yakale inasiyamo, chifukwa pa makina amenewa kuichotsa n'kovuta kwambiri. Yesani batani lililonse la kiyibodi, bowo lililonse la USB, kamera ndi Wi-Fi, ndipo wogulitsa akulembereni pa lisiti nambala ya makinawo ndi masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto.