Asisi, musawabweze apongozi anuwo, zimenezi zinandichitikirapo

Asisi amene mwalemba mobisa dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati m'masabata awiri okha mwadzidzimuka katatu usiku, maso akuona bwinobwino koma thupi lonse lili gwaa, mawu osatuluka, chinthu cholemera chitakukhalani pachifuwa, pakhomo la kuchipinda pataima munthu wakuda bii. Mwatinso zayamba apongozi anu atangofika kuchokera kumudzi, ndiye mukufunsa ngati muwabweze. Ndaona ambiri akuyankhani kale kuti ndi omwewo. Ine ndikupemphani mudekhe kaye, mumve zanga.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, nyumba ya lendi, mabanja anayi mpanda umodzi. Mwana wanga wachiwiri anali ndi miyezi inayi. Ndinkachita geni ya kaunjika, kudzuka 4 koloko kuti ndikapeze belo labwino, kugona cha m'ma 11 nditatha kuchapa matewera, pakati pa usiku mwana kuyamwa katatu. Pamwamba pa izo ndinali ndi ngongole ya banki nkhonde yomwe inkandisowetsa mtendere. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuchita kulilima ndi kutentha, moti ndinkangogona chagada osafunda kanthu.

Tsiku loyambalo sindidzaliiwala. Ndinatsegula maso, neti ndikuiona, kuwala kwa babu la panja kukulowa pampata wa katani. Bambo a ana akuliza mkonono pambali panga, chigongono chawo chikundikhudza ndithu. Ndikati ndiwagwedeze, mkono ukukana. Ndikati ndiitane, lilime ngati si langa. Kenaka ndinaona munthu wamtali ataima kuseri kwa chitseko, wopanda nkhope, ndipo mumtima ndinadziwa kuti akundiyang'ana. Anayamba kusendera. Pachifuwa panalemera ngati wina wanditsitsira thumba la chimanga, mpweya ukungolowa pang'onopang'ono. Ndinayesa kutchula dzina la Yesu, milomo osagwedezeka n'komwe. Mwana atangolira, zonse zinamasuka nthawi imodzi. Ndinadzuka thukuta lili kamukamu, ndikunjenjemera, munthu uja kulibe.

Zinabwereza kanayi mwezi umenewo. Mumpanda mwathu munali agogo ena amene ankakhala okha m'kachipinda ka kumapeto. Ankakonda kunyamula mwana wanga, n'kumati akunenepa bwino. Nditafotokozera anzanga kumsika, sanachedwe: “Ndi agogowo, akufuna mwanayo.” Ndinakhulupirira. Ndinasiya kuwapatsa moni. Mbatata zimene anandigawira ndinakataya kudzala. Choipa kwambiri, ndinakalankhula pamzere wotunga madzi, ndipo pasanathe masabata atatu ana a m'dera lonse ankawakuwiza kuti mfiti, ena kugenda denga lawo usiku. Mwana wawo anabwera kudzawatenga. Tsiku losamuka anandiyang'ana ali pamwamba pa katundu wawo, osanena kanthu. Iwo atachoka, chinthu chija chinandipanabe kawiri sabata yomweyo. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mayi amene uja mtima umandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba zonsezi.

Amene ananditsegula maso ndi namwino wina kusikelo. Anaona maso anga ali psuu n'kundifunsa ngati ndikugona. Nditamufotokozera, anati zimenezi achipatala amazidziwa bwino, pachizungu amati sleep paralysis, ndipo naye zinkamuchitikira akamagwira ntchito ya usiku. Pambuyo pake ndinawerenga ndekha zambiri, ndiye ndikuuzeni mmene ndinamvera.

Tulo sitiyenda mofanana usiku wonse. Timazungulira m'magawo, ulendo umodzi pafupifupi mphindi 90. Gawo limene timalota kwambiri amalitcha REM, chifukwa maso amayendayenda mofulumira zikope zili chitsekere. Analitulukira mu 1953 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman. M'gawo limeneli ubongo umathimitsa dala minofu ya manja, miyendo ndi thupi lonse, n'kusiya ya maso ndi mnofu waukulu wopumira. Umatero potiteteza. Mukalota galu akukuthamangitsani, simudumpha pabedi n'kukagunda khoma, chifukwa thupi lamangidwa. Tsono nthawi zina maganizo amadzuka msanga, thupi lisanamasulidwe. Mwadzuka ndithu, chipinda chanu mukuchiona, koma minofu ikadali mtulo, ndipo maloto akadali kutayikira m'chipindamo. Ubongo wogwidwa mantha umafunafuna mdani, n'kumuumba ndi chilichonse chomwe chili pafupi. Munthu wanga wamtali uja anali jekete la bambo a ana lomwe ankalikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Nditalichotsa sanabwerenso pamalo pamenepo.

Za pachifuwazo nazo zili ndi chifukwa chake. Mu REM timapuma mosazama. Ukachita mantha umafuna kukoka mpweya wambiri, koma minofu ya m'nthiti sinadzuke, ndiye umamva ngati wina wakukhalira. Mpweya ukulowabe, simufa nazo. Zimatenga masekondi kapena mphindi zochepa, ngakhale kuti kwa amene zikumuchitikira zimakhala ngati usiku wathunthu. Ndipo popeza REM imatalika kukamayandikira kucha, ambiri zimatipeza mbandakucha, nthawi yomwe anthu amati ndi ya afiti.

Si ife tokha. Kafukufuku wa mu 2011 amene anasonkhanitsa zofufuza zambiri za m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse zinawachitikirapo, ndipo pakati pa ana a sukulu zapamwamba, amene amachezera kuwerenga, ndi oposa 25 pa 100. Ku Japan amati kanashibari. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, amati ndi nkhalamba yaikazi imene imakhala pachifuwa cha munthu. Ku Egypt ambiri amati ndi majini. Aliyense amaona chimene anakula akuchiopa, koma thupi likuchita chinthu chimodzimodzi.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji zayamba apongozi atabwera? Dzifunseni nokha moona mtima. Kodi chibwerereni iwo simukudzuka m'mamawa kuposa kale kuti muwatenthetsere madzi? Simukuchedwa kugona pocheza nawo kapena pomaliza ntchito kuti asakuoneni ngati waulesi? Simukugona ndi nkhawa yoti ndiwo zikwana bwanji mwezi uno? Tonse okwatiwa tikudziwa mmene mtima umakhalira m'mwamba apongozi akakhala pakhomo, ngakhale akhale abwino chotani. Kusagona mokwanira, kusinthasintha nthawi yogona, nkhawa ndi kugona chagada, zimenezi ndiye zimaitana vutoli. Ine zonsezo ndinali nazo pakamodzi.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kugona chammbali. Ndinkaika pilo kumsana kuti ndisatembenuke. Ndinagwirizana ndi bambo a ana kuti Loweruka ndi Lamulungu azinyamula mwana m'mawa ine ndigoneko, ndipo tiyi wa usiku ndinasiya. Yesetsani kupeza maola 7, kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, foni muziisiya patali. Zikakugwirani musalimbane nazo, chifukwa ukamalimbana mantha amakula ndipo kulemera kuja kumawonjezeka. Dziuzeni mumtima kuti ndi zija, zitha posachedwa. Yesani kugwedeza chala chimodzi chokha cha kuphazi, kapena kuphethira, mukupuma modekha. Auzeni amuna anu kuti akamva mukubuula azikugwedezani, kukhudzidwa kumathetsa msanga. Zikatha dzukani mukhale tsonga, mumweko madzi, chifukwa mukangotseka maso pomwepo zimatha kubwereza.

Za pemphero, pempherani ndithu. Ine ndimapemphera mumtima nthawi yomweyo ndipo mtima umakhazikika. Sindinabwere kudzatsutsana ndi aliyense pa zimene amakhulupirira. Chimene ndikukana ndi pemphero lomwe limathera poloza munthu chala. Wina akakuuzani kuti waona m'masomphenya kuti ndi apongozi anu, kumbukirani kuti iye akapita kwawo, inu ndi amene mutsale ndi banja losweka. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la za ufiti, la mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo tonse tamvapo pawailesi za agogo amene amenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, nkhani itayamba ngati yanga ya pamzere wa madzi ija.

Pali nthawi zina zofunika kupita kuchipatala osazengereza. Ngati masana mumangogwidwa ndi tulo mwadzidzidzi muli pakati pa ntchito kapena polankhula, kapena mawondo amafooka mukaseka kwambiri, kauzeni dokotala, pali matenda a tulo otchedwa narcolepsy. Ngati amuna anu amaona mukuphupha, mwadziluma lilime kapena mwakodza pogona, zimenezo ndi zina, zingakhale khunyu, ndipo lili ndi mankhwala. Maloto oopsa obwera ndi kutentha thupi, kayezetseni malungo. Mankhwala ena nawo amabweretsa maloto achilendo, monga ma ARV okhala ndi efavirenz, makamaka masabata oyambirira. Musasiye kumwa, kauzeni amene amakupatsani. Ndipo ngati maloto akungobwereza chinthu choopsa chimene munakumana nacho, ngozi, kugwiriridwa, maliro, kapena mukuopa kugona mpaka kumachezera, ku Bwaila kuli mbali yoona za maganizo, a Saint John of God nawo alipo muno mu Lilongwe. Kupitako si misala ayi.

Ine zimandipezabe, mwina kamodzi kapena kawiri pachaka, makamaka ndikachezera pamaliro masiku awiri otsatizana. Mantha amabwerabe, sindinama, koma ndimagwedeza chala chija n'kudikira. Agogo aja ndinawafunafuna patapita chaka kuti ndikapepese, ndinangomva kuti anapita kumudzi kwawo, ndipo sindinawaonenso.

Usiku uno chotsani chilichonse chokolekedwa kuseri kwa chitseko, mugone chammbali, amuna anu muwauze zonse monga mwatiuzira ife. Apongoziwo mawa muwapatse moni ngati kale. Yesani zimenezi masabata awiri, kenaka mubwere pompano mutiuze mmene mukugonera, ndikhala ndikudikira.