Kodi ndichotse mawu a ku ofesi mu personal statement yanga?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Senga Bay, ku Salima. Mayi wina amene amagwira ntchito ndi asodzi akufunsira sikolashipu ya Chevening. Mnzake atawerenga personal statement yake, nkhani yodzifotokozera yomwe walemba pa fomu, anamuuza kuti achotse mawu ngati "capacity building" ndi "stakeholder engagement", komanso zidule za maina a makomiti monga BVC ndi ADC. Iye akufunsa kuti: "Ndikachotsa, kodi sindioneka ngati munthu wosadziwa ntchito yake?"

Achemwali, mnzanuyo wanena zoona, mumugulire chambo chowotcha.

Ganizirani kaye amene adzawerenge. Chevening ndi ya boma la UK, imalipirira masters ya chaka chimodzi, ndipo mafomu amachokera m'mayiko oposa 160. Woweruza wanu akhoza kukhala katswiri wa zamalamulo kapena zachuma amene ku Salima sanapondeko. BVC kwa iye ndi zilembo zitatu basi. Mukalemba kuti ndi komiti ya anthu a padooko yoyang'anira usodzi, wamva nthawi yomweyo.

Koma zidulezo n'zosavuta kukonza. Vuto lalikulu lili pa mawu aja a m'malipoti, chifukwa amabisa munthu. Aliyense wa ku mabungwe, kaya ali ku Nkhotakota kaya ku Nairobi, amalemba kuti anachita "capacity building". Nanga inuyo munachita chiyani kwenikweni? Munaphunzitsa amayi kuyanika usipa pa thandala m'malo mwa pamchenga? Pa dooko liti? Anabwera angati, ndipo anakana ndani? Chevening imafunsa za utsogoleri, ndiye utsogoleriwo umaonekera pamene panali kukana. Mwini bwato atakukalipirani pamsonkhano za maukonde a maso ang'onoang'ono, munatani kuti mawa lake abwerenso? Nkhani imeneyo wina aliyense alibe, muli nayo ndinu nokha.

Komanso musapeputse za kwanu. Ku chilumba cha Mbenji, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo asodzi amamvera. Ngati munagwirako ntchito, fotokozani mmene lamulolo limayendera m'ziganizo ziwiri. Ngati simunagwireko, musadziikemo, chifukwa pa intavyu adzakufunsani.

Sindikunena kuti muchotse zonse. Ngati kosi yomwe mwasankha ikuphunzitsa "fisheries co-management", mawuwo asiyeni, popeza akulumikiza ntchito yanu ndi maphunzirowo. Muwatchule kamodzi, munene kuti ndi boma ndi asodzi kuyendetsera limodzi za nyanja, kenako pitirizani ndi nkhani yanu.

Njira imene ndimawauza anthu ndi iyi: tengani ndime iliyonse, muwafotokozere amalume kapena agogo anu m'Chichewa, pakamwa. Pamene angakufunseni kuti "ndiye kuti chiyani?", pamenepo ndi pamene pabisala mawu opanda kanthu. Yankho limene muwapatse ndi limene mulembe m'Chingerezi. Mudzaona kuti ziganizo zikufupika, zomwe n'zothandiza chifukwa funso lililonse pa fomuyo lili ndi malire a mawu.

Mukamaliza, mupatse munthu amene sali wa zausodzi awerenge, mwina mphunzitsi kapena namwino. Anzanu a ku ofesi ayi, iwowo mawuwo anawazolowera kale, saonanso kuti alipo.