Mwana wanga amati "manga" m'malo mwa "chimanga": kodi ndi Chipwitikizi chamusokoneza?

Funso, lochokera kwa mayi wina wa ku Ulónguè, Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique: Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 2. Amadula mawu: chimanga amati "manga", chipewa amati "pewa". Nthawi zina amasakaniza, monga "bola yanga" (mpira wanga). Bambo ake akuti tisiye Chichewa pakhomo, tizimuyankhula Chipwitikizi chokha poti n'chimene akachipeze kusukulu. Titani?

Yankho: Mayi, mtima pansi. Mwanayo sanasokonezeke, ndipo amene akumudulitsa mawu si Chipwitikizi ayi, ndi Chichewa chenichenicho.

Tchulani "chimanga" pang'onopang'ono. Mumva kuti mawu akukoka pa "ma", chi-maa-nga. Pa Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye khutu la mwana limagwira maphatikizo awiri omalizawo, loyambalo n'kutsala m'njira. N'chifukwa chake ana ambiri akaona galimoto amakuwa kuti "moto!", agogo n'kudzidzimuka kuti nyumba ikupsa.

Koma tamvetserani bwino akamalimbirana chinthu ndi mnzake. Ngati akuti "manga changa" osati "manga wanga", dziwani kuti "chi" uja ali m'mutu mwake kale, kungoti lilime silinamufikire. Akatswiri amene anafufuza ana oyankhula Chisotho anapeza zomwezi, ndipo pofika zaka 3 ana ambiri amakhala akutchula bwinobwino aphatikiram'tsogolowa, maphatikizo oyambirira a mawu monga "chi" uja. Musamamudzudzule. Akati "manga", inu muzingoyankha kuti "Eya, chimanga chako ichi, idya."

Tsono za "bola yanga" ine zandisangalatsa. Mwanayu watenga liwu la Chipwitikizi n'kuliika m'gulu limodzi ndi nyumba ndi mbale, n'kulipatsa "yanga". Makolo athu anachitanso chimodzimodzi: nsapato, kalata ndi mbatata zinachokera kwa Apwitikizi, lero palibe amazitcha zachilendo.

Kwa bambo, ndi ulemu wonse, ndikuti ayi. Mwana amatha kunyamula ziyankhulo ziwiri, ngakhale zitatu. Pitani mumzinda wa Tete mukamve ana akusewera m'Chinyungwe, Chichewa ndi Chipwitikizi nthawi imodzi. Boma lomwe linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a ziyankhulo ziwiri alipobe m'sukulu zina. Bambo aziyankhula naye Chipwitikizi ngati akuchidziwa bwino, inu ndi agogo Chichewa, nthano ndi nyimbo zomwe.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa n'china. Khanda limayamba "ba-ba-ba" cha m'miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono, liwu loyamba limabwera cha pa chaka chimodzi, ndipo pa zaka 2 mwana amalumikiza mawu awiri monga wanuyu akuchitira. Amene wafika zaka 2 wopanda liwu lililonse, kapena satembenuka mukamuitana ali chakumbuyo, mupite naye kuchipatala akamuone makutu, makamaka ngati ankatuluka mafinya.