Shopu ikagulitsidwa, dzina lake limapita ndi ndani?

Mayi wina wa ku Chibavi ku Mzuzu wandilembera imelo. Akuti anamva zoti Shoprite ikugulitsa mashopu ake a m'Malawi muno, ndiye akufunsa ngati wogula amasunga dzina lakale kapena amakakamizidwa kulisintha.

Mayi, dzinalonso ndi katundu, lili ndi mtengo wakewake. Shoprite yomweyi inakula pomeza anzake. Inayamba mu 1979 ndi mashopu 8 ku Cape Town. Mu 1991 inagula Checkers koma dzinalo sinalifufute, inalisungira makasitomala a m'thumba molemera. Mu 1997 inatenga OK Bazaars kwa South African Breweries pa R1 yokha. Inde, randi imodzi, chifukwa mashopuwo ankangoluza ndalama ndipo mwini wake anali atatopa nawo. Mpaka lero dzina la OK likadalipo ku South Africa.

Kampani ikamasamuka m'dziko, nkhani imakhala pa zomwe agwirizana. Ku Nigeria mu 2021 ogula anapitiriza ndi dzina la Shoprite pa mgwirizano wobwereka dzina. Ku Uganda chaka chomwecho mashopu ake anasanduka Carrefour. Kuno, mu June 2025, Shoprite inasainirana ndi Karson Investment Trust zogulitsa mashopu asanu, ndipo malonda otere amayenera kaye kuvomerezedwa ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC. Ine sindinadabwe. Katundu wambiri wa pa mashelefu amagulidwa kunja, ndalama zakunja zikusowa, kwachanso inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023.

Koma yondiwawa ine ndi PTC ya Press Corporation, momwe ena tinkaperekeza makolo kukagula shuga mwezi ukatha. Mashopu ake ena anavekedwa chikwangwani cha SPAR, koma ngongole sizinathe. Mu 2022 inagulitsidwa kwa Tafika Holdings, chaka chisanathe khothi linalamula kuti itsekedwe. Ndiye inu musayang'ane kwambiri penti ya pakhomo. Funsani ngati ogwira ntchito pa tilu asungidwa, komanso ngati alimi operekera tomato ndi kabichi akulipidwa pa nthawi yake.

Za dzina pano pa Mzuzu musade nazo nkhawa. Ku Blantyre anthu akutsikabe pa Kandodo Corner Shop, chikhalirecho mashopu a Kandodo anatha kalekale. Wakabaza wa ku Chibavi mukadzamuuza kuti akusiyeni pa Shoprite, sadzafunsa kawiri.