Matabwa ndi denga la nyumba ya masewera ku Alps

Mwafunsa ngati matabwa ndi oyenera kumangira nyumba ya masewera m'mudzi wa kumapiri a Alps ku Ulaya, kumene anthu amatsetsereka pa chipale chofewa. Ndi oyenera ndithu, makamaka akachekedwa m'nkhalango zapafupi, koma ganizirani kaye za denga. Mu Januwale 2006, denga la bwalo lotsetserekapo pa ayezi ku Bad Reichenhall, m'dziko la Germany, linagwa n'kupha anthu 15, chifukwa chinyezi chinali chitafooketsa guluu wa m'mitanda yake, ndipo kulemera kwa chipale kunangomalizitsa. Choncho mpweya uziyenda bwino m'katimo, mitandayo ikhale poonekera kuti akatswiri aziiyendera. Ngati mudzaikamo makina oumitsa ayezi, kutentha kotuluka m'makinawo musakutaye. Kutenthako kuzifunditsa madzi osamba ndi zipinda zosinthiramo zovala.