Apilo ya mlandu pamene loya sadagwire bwino ntchito

Mayi, mwafunsa ngati mlongo wanu, yemwe khothi la majisitireti muno mu Lilongwe lamupeza wolakwa ndipo ali ku ndende ya Maula, angachite apilo poti loya wake sadamuimire bwino. N'zotheka, koma yambani mwawerenga masiku, za loyayo zibwera pambuyo.

Lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code limapereka masiku 10 okha, kuchokera tsiku la chigamulo, oti mupereke kalata yodziwitsa kuti mukuchita apilo ku High Court. Zifukwa za apiloyo zimatsatira pasanathe masiku 30. Wam'ndende akhoza kupereka mapepala ake kwa mkulu wa ndendeyo. Masiku akadutsa jaji angavomerebe, koma mufotokoze chomwe chidakuchedwetsani.

Mukatero pemphani rekodi ya mlandu. Apa ndiye pagona nkhani. Jaji wa apilo sazenganso mlandu, amawerenga zomwe majisitireti adalemba. Kungoti "loya adangodya ndalama" sikutulutsa munthu. Muloze tsamba lenileni, mwachitsanzo: mboni ya boma idalankhula zosemphana ndi zomwe idauza apolisi, loya osaifunsapo kanthu, panali munthu wodziwa kuti tsikulo mlongo wanuyo adali ku Mitundu, osaitanidwa, kapena mlongo wanuyo adauzidwa kuti angovomera mlandu asakumvetsa chomwe akuvomera. Muonetsenso kuti pakadapanda zimenezo chigamulo chikadatha kukhala china, chifukwa gawo 5 la lamulo lomweli limati cholakwika sichigwetsa chigamulo pokhapokha ngati chidapotoza chilungamo. Apa mpamene ambiri amagwera. Loya akasiya mboni dala poopa kuti iononga mlandu, khothi limaona kuti ndi nzeru za pantchito, osati kulephera. Mboni yomwe idasiyidwayo ilembe umboni wake molumbira, ngakhale kuti jaji salandira umboni watsopano wambawamba.

Ngati adavomera yekha mlandu, kawirikawiri apilo imangokhudza kukula kwa chilango. Dziwaninso kuti High Court ili ndi mphamvu zowonjezera chilangocho, ndipo belo podikira apilo imaperekedwa mwa apo ndi apo.

Musabwerere kwa loya yemwe uja, sangadzineneze yekha. Pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka thandizo la maloya kwa osowa ndalama, kapena mlongo wanuyo alankhule ndi ma paralegal (alangizi a zamalamulo omwe si maloya) a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI) omwe amalowa m'ndende. Kukadandaula ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ndi nkhani ina: kumeneko angalange loyayo, koma chigamulo cha majisitireti chikhala chomwecho mpaka jaji atachisintha.